KUCOKERA KU TAMANDA MPAKA KU NYIKA: NJIRA ZA OYENDA PANSI PAMWAMBA PA PHIRI

Munthu akaima pa mishoni ya Tamanda, kumpoto cakum'mawa kwa mzinda wa Chipata, amaona zitunda ndi mapiri amene alekanitsa dziko lathu la Zambia ndi dziko la Malawi. Anthu a kumeneko anawazolowera mapiriwo kotero kuti sawayang'ananso kawiri. Amakwerako kukatola nkhuni, kukazula bowa m'dzinja, kukatola masuku pa nyengo yake, kapena kungodutsa popita kukaona abale ao ku Mchinji. Ambiri sadziwa kuti msana wa mtunda umene amaupondawo suthera pomwepo. Umapitirira kumpoto, kudutsa kum'mawa kwa Lundazi ndi Chama, mpaka kukafika pa phiri lalikulu la Nyika, kumene anthu ocokera kutsidya la nyanja amalipira ndalama zambiri kuti angoyenda pansi.

Atsamunda a ku Britain polemba malire a maiko awiriwa m'zaka za m'ma 1890 anatsata msana womwewu, cifukwa ndiwo umagawa madzi a mvula. Madzi ogwera kum'mawa kwa mapiri a Mchinji amalowa mu mtsinje wa Bua ndi kukathira m'nyanja ya Malawi. Ogwera kumadzulo amatsetsereka kupita ku Luangwa. Onsewo amakakumananso mu Zambezi, ena kudzera ku Shire, ena kudzera pa boma la Luangwa. Cotero mlimi wa ku Tamanda ndi mlonda wa nyama wa ku Nyika amakhala pa denga limodzi, wina ku mbali ino, wina ku mbali inayo.

ULENDO WAKE

Wofuna kupita ku Nyika kucokera ku Tamanda amatulukira mu mseu wa Chipata ndi Lundazi, umene utalika makilomita pafupifupi 180. Pa Lundazi amapezapo nyumba ya alendo yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene bwanamkubwa wa boma limenelo, Errol Button, anayamba kumanga ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kucoka apo mlendo amaoloka malire pa Lusuntha, nalowa m'Malawi pa Mqocha, nakapeza mseu waukulu pa Jenda. Mseuwo umakwera mapiri a Viphya, kudutsa Chikangawa, mpaka ku Mzuzu, ndipo kutsogolo kwake amapatukira ku Rumphi. Cinenero sicibvuta: wa ku Lundazi amamvana ndi anthu a kumeneko m'Citumbuka, ndipo Cinyanja naco cimamveka ponseponse.

Pa Rumphi ndi pamene munthu wanzeru amagula mafuta a galimoto, ufa, mcere, shuga ndi ndiwo, pakuti pamwamba pa phiri palibe msika. Mseu umadzera ku Bolero, kwao kwa mfumu yaikulu ya Atumbuka, Chikulamayembe, ndi kukafika pa cipata ca Thazima, makilomita pafupifupi 55 kucokera pa Rumphi. Kucoka pa cipatapo kukafika ku Chelinda, likulu la alendo pakati pa phiri, ndi makilomita enanso pafupifupi 60, ndipo galimoto imayenda pang'onopang'ono cifukwa ca zitunda ndi miyala.

Pali cinthu cimodzi cimene cimadabwitsa anthu ambiri a kuno kwathu. Zambia ali ndi Nyika wakewake. Mbali ya kumadzulo kwa phirili, malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 80, ili m'dziko lathu, ndipo inakhazikitsidwa kukhala malo osungirako zacilengedwe mu 1972, mu ulamuliro wa Dr Kenneth Kaunda. Komatu wopita pa galimoto amafikako podzera ku Malawi, cifukwa mbali ya kwathu ndi phompho lotsetsereka kwambiri. Mseu wa pamwamba pa phiri umayenda pa malire penipeni, mwakuti mlendo akasuzumira pa zenera la kumanzere aona Zambia, la kumanja aona Malawi, popanda wina womufunsa ciphaso.

DZIKO LA PAMWAMBA

Mbali ya Malawi ndiyo yaikulu. Inakhazikitsidwa mu 1965, inakuzidwa mu 1978, ndipo tsopano ipitirira masikweya kilomita 3,000. Mwa malo onse osungirako nyama m'Malawi, awa ndiwo akulu koposa. Pamwamba pake ndi potalika mamita oposa 2,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo nsonga yake, phiri la Nganda, ipitirira pang'ono mamita 2,600. Mzinda wa Chipata, umene timauchula kuti uli pakati pa mapiri, sufika ndi theka lomwe la kutalika kwa Nganda.

Galimoto ikamakwera, mitengo ya mombo ndi masuku imene munthu wa ku Tamanda anaizolowera imayamba kufupika, kenaka imatha. M'malo mwake mumabwera zitunda za udzu waufupi, cina pambuyo pa cinzake, mpaka pamene maso alekezera. M'makwawa muli tinkhalango tobiriwira caka conse, ndi timitsinje tozizira ngati madzi a mu mtsuko wa m'mamawa. Mphepo siileka kuomba. M'miyezi ya June ndi July cisanu cimagwa usiku, ndipo udzu umadzuka woyera mbuu. Munthu amene anyamuka ku Chipata atabvala shati lokha amafika ku Chelinda mano ali gwedegwede.

Pa udzu umenewu pamadya nchefu, zilembwe, mbidzi, mphoyo, njiri ndi agwape, ndipo m'mphepete mwa nkhalango mumabisala mbawala. Anyalugwe ndi afisi alipo, ngakhale kuti kuwaona masana nkwapatali. Njobvu zimakonda kumunsi kumene kuli mitengo, ndipo mu 2017 anabweretsako zina 34 kucokera ku Liwonde. Akatswiri anawerengako mitundu ya mbalame yoposa 400. Cifukwa cakuti malo ndi oyera, opanda chire lowirira, woyenda pansi amaona nyama zikali kutali, nazonso zimamuona, ndipo aliyense amapatsa mnzake njira.

NJIRA ZA TSIKU LIMODZI

Mlendo amene ali ndi masiku ocepa ali ndi njira zambiri zoti asankhe. Yapafupi ndi yozungulira madamu a pa Chelinda ndi nkhalango ya mitengo ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950, pamene atsamunda anali kuyesa ngati phirili lingawapatse matabwa ndi mapepala. Ina imapita ku citunda ca Chosi, kumene munthu amaona dziko mbali zonse zinai. Ina imapita ku thamanda la Kaulime, limene silinakumbidwe ndi munthu. Anthu a kumeneko analilemekeza kuyambira kale monga malo a mizimu, ndipo akuluakulu amasimba za njoka yaikulu yokhala m'madzimo. Mlendo waulemu saponyamo miyala kapena kusambamo.

Kumpoto kuli thanthwe la Jalawe, pamene phiri limathera mwadzidzidzi, ndipo kukaca bwino munthu amaona cigwa ca Karonga ndi nyanja ya Malawi ili ng'aning'ani patali. Kumadzulo, pafupi ndi malire, njira imatsika m'nkhalango kukafika pa mathithi a Chisanga, pamene mtsinje wa North Rukuru umagwa kucoka pa phiri. Kutsika nkosabvuta; pobwerera ndi pamene munthu amadziwa msinkhu wake. Kum'mwera kuli thanthwe la Fingira, limene lili ndi phanga. M'phangamo ofufuza za makedzana anapezamo mafupa a anthu akale, zida zao zamiyala ndi zojambula pa khoma la mwala. Kum'mwera cakum'mawa kuli kankhalango ka mitengo ya juniper, yofanana ndi mkungudza, kamene kanayamba kutetezedwa mu 1948, zaka zambiri malo onsewa asanakhale osungirako nyama.

Ku mbali ya Zambia, njira yodziwika koposa ndi ya m'nkhalango ya Chowo. Ili pafupi ndi nyumba ya alendo imene inamangidwa m'nthawi ya atsamunda, imene kwa zaka zambiri inali pogona pa anthu okonda mbalame ndi ana a sukulu. Munthu akacoka pa udzu nalowa m'Chowo, zimakhala ngati walowa m'nyumba natseka citseko. Mphepo imaleka, dzuwa limangolowa mwa apo ndi apo, mitengo ndi yaitali, yokutidwa ndi ndele ndi ziyangoyango. Pamwamba pamadumpha anchima, ndipo mbalame zimamveka kulira koma osaoneka. Apa ndi pamene mwambi uja umakwanira, wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wothamanga amatuluka osaona kanthu. Wokhala pansi pa cipika kwa theka la ora amaona mbalame zimene m'Zambia muno zimapezeka m'mapiri a kumpoto cakum'mawa okha. Nkhalango ina ya mtundu womwewu, ya Manyenjere, ilinso m'dziko lathu.

MASIKU ATATU KUPITA KU LIVINGSTONIA

Njira yochuka kopambana zonse ndi yocokera ku Chelinda kukafika ku Livingstonia. Imatenga masiku atatu, kugona kuthengo usiku uwiri. Palibe amene amaloledwa kuyenda yekha. Gulu lililonse limatsogozedwa ndi mlonda wa nyama wonyamula mfuti, ndipo ofuna amalemba amtengatenga onyamula mahema, zakudya ndi miphika.

Tsiku loyamba ndi la pa udzu. Oyenda amanyamuka mame asanakamuke, natsata tinjira ta nyama pa zitunda, mbidzi zikuwayang'ana. Mtunda suoneka wobvuta, koma mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo munthu wa kucigwa amapuma wefuwefu pa citunda cimene kwao akadakwera akuimba. Dzuwa likapendeka amamanga mahema pafupi ndi mtsinje, naphika nsima msanga, cifukwa mdima ukangogwa kuzizira kumalowa m'mafupa. Tsiku laciwiri phiri limayamba kutsetsereka kum'mawa. Udzu umasanduka nkhalango, nkhalango isanduka mitengo ya mombo, ndipo maondo ndi amene amalira. Tsiku lacitatu oyenda amatulukira m'midzi ya Aphoka, anthu amene amalima khofi, nthoci ndi nyemba pa minda yopendekeka ngati denga la nkhokwe. Makolo a anthu amenewa anali odziwa kusungunula citsulo, ndipo ng'anjo zao zakale zikali kupezeka m'mbali mwa phirili.

Ulendo umathera pa mishoni ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws wa ku Scotland anakhazikitsa pa Khondowe mu 1894. Nyumba yake yamiyala tsopano isungiramo zinthu zakale, ndipo pafupi pake pali mathithi a Manchewe, otalika mamita oposa 100. Munthu wa ku Tamanda, amene kwao kunafika amishoni a Dutch Reformed Church amene anayambira pa Magwero mu 1899, akafika apa amazindikira kuti amishoni a nthawi imeneyo anali ndi nzeru imodzi: kuthawa malungo a m'zigwa ndi kumanga pa zitunda.

ZOFUNA KUKONZEKERA

Safunsa anadya phula. Wofuna kuyenda njira zimenezi ayenera kuyamba wafunsa ku ofesi ya zanyama za kuthengo za malipiro, za mlonda womuperekeza, ndi za mseu, makamaka m'dzinja pamene matope amagwira galimoto. Anyamule ciphaso ca ulendo, cobvala ca mphepo, cobvala ca mvula, bulangete lolemera, nsapato zolimba zimene phazi linazizolowera kale, cipewa ndi botolo la madzi. Nkhungu ya pa Nyika imabwera mosalaula. Munthu angakhale akuona citunda ciri apo, koma pakapita mphindi zocepa osaonanso ndi mnzake amene ali patsogolo pake. Zikatero lamulo ndi kuima pamodzi ndi kumvera mlonda, pakuti zitunda za kumeneko zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi.

Nyengo yabwino ya maulendo atali ndi kuyambira May mpaka October, pamene mvula yaleka. Wofuna maluwa apite pakati pa January ndi March, koma abvomere kunyowa.

CIKANDA NDI MOTO

Maluwa amenewa ndiwo ulemerero wa Nyika, ndiponso ndiwo ali pa ngozi yaikulu. Pa phirili pali mitundu yoposa 200 ya maluwa amene Azungu amawacha orchid. Ambiri a iwo ali ndi timbatata pansi pa nthaka, ndipo timbatata timeneti ndito timapanga cikanda cimene timagula m'misika ya ku Lusaka, ku Migodi ndi ku Chipata komwe. Kale cikanda cinali cakudya ca m'midzi ya kumpoto kwa dziko lino, cokumbidwa pang'ono m'madambo. Tsopano cinalowa m'mizinda, m'maukwati ndi m'mahotela, ndipo madambo a kwathu atayamba kuperewera, amalonda anayamba kuitanitsa matumba kucokera ku Tanzania ndi ku Malawi. Wokumba akazula mbatata yake, duwalo lafa. Dziko la Tanzania linacita kukhazikitsa malo otetezedwa pa phiri la Kitulo mu 2005 makamaka cifukwa ca maluwa omwewa.

Nkosabvuta kudzudzula wokumba, koma wokumbayo nthawi zambiri ndi mayi wa m'mudzi wofuna ndalama ya sopo ndi ya sukulu ya mwana. Mlandu uli pa ife tonse amene timadya osafunsa kumene cakudyaco cicokera.

Bvuto laciwiri ndi moto. Opha nyama mozemba amatentha udzu m'cilimwe kuti nyama zibwere ku msipu, ndipo moto wa mu September ndi October, wokankhidwa ndi mphepo, umalowa m'mphepete mwa tinkhalango ta m'makwawa ndi kuticepetsa caka ndi caka. Ndico cifukwa cake oyang'anira malowa amatentha okha zigawo zina udzu ukali wauwisi, kuti moto waukulu ukabwera upeze podyera patatha. Nkhaniyi itikhudza ife a kuno. Madzi a kumadzulo kwa Nyika amatsika ndi mtsinje wa Chire, umene kumunsi umachedwa Luwumbu, ndi kukalowa mu Luangwa. Phiri likauma, msodzi wa ku Chama ndi mvuu ya ku Mfuwe adzamva ludzu limodzi.

ENI MALO

Pali cinanso cimene mlendo sayenera kuiwala poyenda pa udzu wopanda mudzi umenewu. Pamene malowa anakuzidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa, nasiya minda, manda a makolo ndi malo a nsembe. Ana ndi adzukulu ao akhala m'mphepete mwa malowa kufikira lero, ndipo nkhaniyo sanaiiwale. Anthu a ku Tamanda ndi a m'midzi ina ya m'malire amadziwa kulemera kwa kukhala moyandikana ndi nyama. Mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo zina zinayamba kuoloka malire, kuononga minda ndi nkhokwe, mpaka kupha anthu ku mbali zonse ziwiri. Njobvu siidziwa ciphaso, ndipo mlimi amene cimanga cake cadyedwa usiku umodzi sangatonthozedwe ndi mau akuti alendo amakonda nyama.

Maboma awiriwa anasaina pangano mu July 2015 lakuti asamalire pamodzi malo a m'malire, kuphatikizapo Nyika, Vwaza, Kasungu ndi Lukusuzi. Mu 2023 boma la Malawi linapangana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetse limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Kuno kwathu, lamulo la zanyama la mu 2015 lipatsa anthu a m'midzi mau kudzera m'makomiti ao osamalira zacilengedwe. Mapangano amenewa adzayesedwa ndi cinthu cimodzi: ngati munthu wokhala pafupi ndi phiri aona phindu m'thumba mwake.

Apa ndi pamene kuyenda pansi kuposa kuyenda pa galimoto. Mlendo wa pa galimoto amadutsa mudzi nasiya fumbi. Woyenda pansi amalemba womuperekeza, amalipira amtengatenga, amagula nthoci, mazira ndi khofi pa khomo la mlimi, ndipo ndalama yake imatsala m'mudzi. Nzeru imeneyi si yacilendo m'cigawo cino. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'cigwa ca Luangwa, ndalama zake zikupita kwa eni dziko, ndipo pambuyo pake iye yemweyo anayambitsa maulendo oona nyama poyenda pansi, amene anachukitsa Luangwa pa dziko lonse.

PHUNZIRO KWA IFE

Si onse angakwanitse ulendo wa ku Nyika, koma phunziro lake lingagwire nchito pa khomo. Chipata wazingidwa ndi mapiri. Phiri la Kanjala lili m'mzinda momwemo, ndipo wokwera pamwamba pake amaona mzinda wonse pansi. Pa Thandwe, pa Zawi ndi pa Katolola pali matanthwe okhala ndi zojambula za anthu akale, za mtundu umodzi ndi za ku Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2006. Alendo zikwizikwi amadutsa mu Chipata caka ciliconse popita ku Mfuwe, enanso amabwera ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February. Ocepa okha ndi amene amagona tsiku lina kuti akwere phiri, cifukwa palibe amene anawauza kuti njira ilipo.

Njirazo zilipo kale. Anazipanga ndi mapazi a amai otola nkhuni, abusa a ng'ombe ndi ana a sukulu. Cimene cisowa ndi mthunzi, pakuti nkhwangwa ya wootcha makala yafika pamwamba pa mapiri ambiri, ndipo palibe mlendo amene angalipire kuti akaone zitsa. Mafumu, makhansala, aphunzitsi ndi akulu a mipingo ku Tamanda ndi madera ozungulira angayambe ndi zazing'ono: kupatula phiri limodzi kuti lisadulidwe, kulambula njira imodzi, ndi kuphunzitsa anyamata ndi atsikana ocepa maina a mitengo, mbalame ndi mbiri ya malo ao, kuti mlendo akafunsa apeze womuyankha. Sukulu zimene zimasonkha ndalama za ulendo wa pa chuthi ziganizireko za Chowo, nkhalango ya dziko lathu imene Azambia ambiri sanaiponde, ndipo ana akabwerako adzayang'ana mapiri a kwao ndi maso ena.